Nyimbo za m'sewero sachita kulota

Achinyamata ambiri a m'magulu a zisudzo kuno ku Mangochi amaganiza kuti wopeka nyimbo za sewero loimba amangodzuka nazo m'mawa, atazilota. Ayi ndithu. Kawirikawiri imayamba ndi nkhani, nyimbo n'kubwera pambuyo.

Sarafina! ya Mbongeni Ngema (sewero loimba la ku South Africa), yomwe inayamba kuonetsedwa ku Johannesburg mu 1987, gwero lake ndi ana asukulu a ku Soweto omwe anaukira boma la tsankho mu 1976. Lin-Manuel Miranda naye anachita kuwerenga buku la mbiri ya Alexander Hamilton, mmodzi mwa atsogoleri oyambirira a dziko la America, n'kulimbana nayo ntchitoyo kwa zaka, sewero lake loimba la Hamilton lisanafike pa Broadway, mabwalo otchuka a zisudzo a ku New York, mu 2015.

Ntchito yeniyeni ili poyeserera. Nyimbo yosapititsa nkhani patsogolo imachotsedwa, ikome bwanji, ndipo woimba akamabanika pamzere wautali, wopekayo amatenga cholembera n'kudula mawu pomwepo.