Jessie Bond sanayambe ngati wazisudzo

Pali maganizo akalekale akuti akazi otchuka m'maopera (masewero oimba) oseketsa olembedwa ndi Gilbert ndi Sullivan ku England anali azisudzo amene ankangoimbako pang'ono. Mbiri ya Jessie Bond ikutsutsa zimenezi.

Bond anabadwira ku London mu 1853 n'kukulira ku Liverpool, ndipo ntchito yake inali kuimba m'makonsati. Luso loimba analisulira ku sukulu ya nyimbo ya Royal Academy of Music. Pamene Richard D'Oyly Carte, mkulu wa kampani yoonetsa maoperawa, anamulemba ntchito mu 1878, pa malipiro a mapaundi atatu pa sabata, mtsikanayu anali asanachitepo sewero ngakhale limodzi. Anamupatsa gawo la Hebe mu opera ya H.M.S. Pinafore, ndipo mawu olankhula ambiri a gawolo anawachotsa. Iye n'kungoimba basi.

Luso la zisudzo linabwera pambuyo, pang'onopang'ono. Mu The Mikado ya 1885 anali Pitti-Sing, mmodzi wa atsikana atatu a sukulu. Pofuna kuti asamire pakati pa anzake, ananyengerera wosoka zovala kuti mfundo ya lamba wake wachijapani ikule kuwirikiza kawiri, ndipo akatembenukira anthu msana ankaigwedeza dala, holo yonse n'kufa ndi phwete. Wosadziwa zisudzo uja ndi ameneyu?

Pofika 1889, pokonzekera The Gondoliers, ankadziwa mtengo wake: anakana gawo la Tessa mpaka atamulonjeza mapaundi 30 pa sabata. Anasiya siteji mu 1896, ndipo anamwalira ku Worthing mu 1942.