Malo ogona olola agalu: zoyenera kufunsa musanalipire chipinda

Nyengo ya tchuthi ikamayandikira, kuchipatala cha ziweto kumachuluka anthu obwera ndi funso limodzimodzi: "Adokotala, tapeza malo okongola ndipo akuti agalu amawalola. Timutenge?" Ambiri amakhala atalipira kale. Funsoli limandisangalatsa, chifukwa munthu wofuna kuyenda ndi galu wake ndi munthu amene amamuwerengera ngati wapabanja. Koma ndisanayankhe ndimafuna kudziwa chinthu chimodzi: malowo amangolola galu kulowa pachipata, kapena anakonzedwa moganizira galu? Ziwirizi n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumaoneka tsiku limene galu wadwala, wasowa, kapena mwini wake wapatsidwa bilu imene sanaiyembekezere.

Hotela iliyonse ndi loji iliyonse imadziikira yokha malamulo a ziweto. Ena amaika malire a kulemera, moti galu wamkulu ngati German Shepherd amabwezedwa pakhomo ngakhale analengeza kuti ziweto n'zolandiridwa. Ena amakana mitundu ina ya agalu chifukwa cha inshuwalansi yawo, ena amalola galu mmodzi yekha pa chipinda. Pa ndalama napo pamasiyana: pali olipiritsa usiku uliwonse, olipiritsa kamodzi pa ulendo wonse, ndi ofuna chikole chodzabweza ngati galu sanawononge kanthu. Alipo monga mahotela a Kimpton amene amadziwika kuti salipiritsa ndipo saika malire a kukula kwa chiweto, koma otere ndi ochepa. Funsani zonsezi, ndipo yankho libwere lolembedwa, pa imelo kapena pa uthenga wa pafoni. Amene munalankhula naye Lachiwiri masana mwina sadzakhalapo Loweruka usiku pamene mukufika.

Funso lalikulu kuposa onse, kwa ine, ndi ili: kodi galu angasiyidwe yekha m'chipinda? Malo ambiri amakana. Malo omwewo salolanso galu kodyera, kudziwe losambira kapena m'boti lokaonetsa alendo malo. Ndiye simungamusiye, komanso simungapite naye. Banja limayamba kudya mosinthana, wina akudikira ndi galu panja. Zikafika pamenepa wina amati, "Tingomusiya m'galimoto, sitichedwa." Apa ndipamene tchuthi chimasanduka maliro, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa chake.

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Thukuta lake ndi lochepa, la kumapazi, ndipo njira yake yeniyeni yoziziritsira thupi ndi kuwefuka. Amatulutsa lilime, mpweya umadutsa pa lilime lonyowa ndi m'mphuno, chinyezi chimauluka n'kupita ndi kutentha. Njirayi imayenda bwino mpweya womuzungulira ukakhala wozizirirapo komanso wouma. M'galimoto yotsekedwa mpweya umatentha, n'kudzazanso chinyezi chochokera m'kamwa mwake momwe, ndiye akamawefuka mwamphamvu thupi limangotentherabe. Galu wabwinobwino amatentha madigiri 38 kapena 39. Akadutsa 41, ubongo, impso ndi matumbo zimayamba kuwonongeka. Ngakhale tsiku limene kunja kuli madigiri 22 okha, m'galimoto yoimikidwa padzuwa mutha kupitirira madigiri 40 ola lisanathe, ndipo kutsitsako galasi pang'ono sikusintha zambiri. Agalu a mphuno zazifupi monga Pug, Bulldog ndi Boxer, agalu onenepa ndi okalamba, amagonja msanga kuposa anzawo.

Mukaona galu akuwefuka mosalekeza, nkhama zafiira kwambiri, malovu akunanda, akudzandira kapena kusanza, musayambe ndi kuthamangira kuchipatala. Yambani ndi kumuziziritsa pomwepo. Muikeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse, mukupizeni kapena muyatse fani, kenako mupite naye kwa dokotala mawindo ali otsegula kapena makina oziziritsa akuyenda. Musamukulunge m'thaulo lonyowa, chifukwa limatsekera kutentha m'thupi. Ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, apimidwe ndithu, pakuti impso zimatha kuonetsa vuto patapita tsiku kapena masiku awiri.

N'chifukwa chake malo amene ndimawakhulupirira ndi amene ali ndi yankho pa funso lija losiya galu yekha. Mwina ali ndi matebulo a panja pamthunzi pomwe galu amaloledwa kugona pansi pa mpando, mwina amalola kumusiya m'chipinda chozizira bola ali m'bokosi lake ndipo mwasiya nambala ya foni, mwinanso ali ndi munthu wosamalira agalu kwa maola angapo. Mbale yokongola ndi kabisiketi ka galu pa resepishoni n'zabwino, koma sizilowa m'malo mwa zimenezi.

Mukafika, musamasule chingwe msanga. Zungulirani naye kaye, inu mukuyang'ana pansi monga momwe iye akuonera. Tsatani mpanda wonse. Malo ambiri amati ndi otchingidwa, koma mukapita kuseri mumapeza waya watukuka pamwamba pa ngalande, kapena geti la ogwira ntchito limene limakhala lotsegula tsiku lonse. Yang'anani m'mbali mwa makoma a khitchini ndi mosungira katundu. Mukaona timabokosi tapulasitiki totseka tokhala ndi kabowo mbali zonse ziwiri, dziwani kuti kawirikawiri mumakhala mankhwala a makoswe. Ambiri mwa mankhwalawa amalepheretsa magazi kuundana, ndipo choopsa chake n'chakuti galu amaoneka bwinobwino kwa masiku angapo, kenako n'kuyamba kufooka ndi kutuwa nkhama inu mutabwerera kale kunyumba. Funsaninso wosamalira maluwa ngati wathira mankhwala pa kapinga kapena waika ophera nkhono. Maluwa ena amene mahotela a kumalo otentha amakonda kubzala, monga oleander ndi sago palm, ndi poizoni weniweni: woyambayo amagwira mtima, winayo amawononga chiwindi.

M'chipinda namo muli zake. Dengu la zipatso lolandirira alendo nthawi zambiri limakhala ndi mphesa, ndipo mphesa, zaziwisi kapena zouma, zimatha kupha impso za galu. Chokoleti cha pa pilo kapena cha m'kafiriji chili ndi theobromine, amene thupi la galu limachedwa kumuchotsa, ndipo chakuda kwambiri ndiye choopsa kwambiri. Chingamu ndi maswiti opanda shuga okhala ndi xylitol amagwetsa shuga wa m'magazi mwa galu mwadzidzidzi. Zonsezi zikwezeni pamwamba musanatsegule n'komwe sutikesi. Ngati pali khonde la m'mwamba, onani mipata ya zitsulo zake. Ine ndimakonda chipinda chapansi chokhala ndi chitseko chotulukira panja, chifukwa galu akafuna kukodza pakati pa usiku simufunika kudutsa naye m'makonde ndi m'zikepe. Pamalo ootchera nyama samalani mafupa ophika, amene amasweka mosongoka, timitengo tobayira nyama, ndi zitsononkho za chimanga. Chitsononkho sichigayika m'mimba, chimakatseka matumbo, ndipo kuchichotsa kumafuna opaleshoni.

Anthu ambiri amasankha malo a m'mbali mwa madzi poganiza kuti galu aliyense amasambira. Si onse. Agalu a miyendo yaifupi ndi chifuwa cholemera, monga Bulldog ndi Dachshund, amatopa msanga, ndipo kwa iwo jekete yoyandamitsa ndi yofunika. Galu akagwera m'dziwe losambira amalimbana ndi kukwera pakhoma pomwe wagwerapo mpaka mphamvu kutha, choncho muonetseni pomwe pali masitepe tsiku loyamba lomwelo. Madzi a m'nyanja ya mchere akamwa ambiri amasanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo akapitirira muyeso mcherewo umafika posokoneza ubongo. Muzinyamula madzi ake akumwa. Galu amafuna pafupifupi mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wa makilogalamu 20 amafuna lita imodzi kapena kuposerapo, ndipo kukatentha amafuna ochuluka. Kumadamu ndi kunyanja za madzi odikha, nyengo yotentha, pewani madzi amene pamwamba pake payala ndere zobiriwira ngati penti wotayika. Zina mwa nderezi zimatulutsa poizoni wopha galu m'maola ochepa, ngakhale atangonyambita ubweya wake atatuluka m'madzimo. Mchenga ndi phula nazo zimawotcha mapazi. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi kwa masekondi 5, ndipo ngati simungapirire, galunso asaponde. Muziyenda naye m'mawa ndi madzulo.

Malo olola agalu ndi malo amene agalu ambiri ochokera kosiyanasiyana anunkhiza kapinga yemweyo ndi kumwera mbale yomweyo. Kachilombo ka parvovirus, koyambitsa kutsegula m'mimba kwa magazi, kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Chifuwa cha agalu chotchedwa kennel cough chimafala mumpweya. Leptospirosis imachokera ku mkodzo wa makoswe m'madzi osayenda, ndipo imagwiranso anthu. Nkhupakupa za m'tchire zimapatsa matenda owononga magazi monga babesiosis ndi ehrlichiosis. Choncho pitani kwa dokotala wa ziweto kutatsala mwezi, osati dzulo la ulendo, chifukwa katemera amafuna nthawi kuti ayambe kuteteza. Mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri aperekedwe musananyamuke, ndipo madzulo aliwonse mupapase galu wanu m'makutu, m'khosi, m'khwapa ndi pakati pa zala. Malo amene amakufunsani khadi la katemera musawaone ngati ovuta. Ndiwo amene afunsanso agalu a anzanu.

Ngati mukuwoloka malire a dziko, mwezi umodzi sungakwane. Mayiko a European Union amafuna kuti galu akhale ndi microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu, ndipo kaikidwe asanabayidwe katemera wa chiwewe kapena tsiku lomwelo. Katemerayo aperekedwe galu atakwanitsa masabata 12, ndipo padutse masiku 21 asanayende. Wochokera kudziko limene chiwewe chidakali vuto amafunikanso kuyezedwa magazi patapita masiku osachepera 30 chibayireni katemera, kenako kudikira miyezi itatu. Britain, Ireland, Finland, Malta ndi Norway amafunanso mankhwala a njoka za m'mimba za mtundu wa tapeworm, operekedwa ndi dokotala pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe. Ku United States, kuyambira pa 1 Ogasiti 2024, galu wolowa m'dzikomo ayenera kukhala wa miyezi 6 kapena kuposerapo, wokhala ndi microchip, ndipo mwini wake adzaze fomu ya bungwe la boma loona za matenda la CDC. Malamulowa amasintha, ndiye funsani ku ofesi yoona za ziweto ya dziko limene mukupita. Pa ndege, bokosi likhale loti galu atha kuimirira, kutembenuka ndi kugona bwino, ndipo musamupatse mankhwala ogonetsa mwa inu nokha, chifukwa amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kusokoneza kapumidwe kumene kulibe womuyang'anira.

Loji ikhoza kulola galu, koma nkhalango yotetezedwa imene ili pafupi nayo n'kumukana. Ku Kruger National Park ku South Africa ziweto siziloledwa. Lamuloli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa galu atha kupatsira nyama za kutchire matenda. Mu 1994 matenda a agalu otchedwa distemper anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya m'nkhalango ya Serengeti ku Tanzania.

Galu amakhazikika ndi fungo lozolowereka komanso nthawi zozolowereka. Tengani bulangete lake losachapa, mbale zake, ndi chakudya chake cha masiku onse chokwanira ulendo wonse. Kusintha chakudya mwadzidzidzi kumatsegula m'mimba, ndipo ngati n'kofunika kusintha, zichitike pang'onopang'ono kwa sabata. Adye pa nthawi yomwe amadyera kunyumba. Pa lamba wa m'khosi pakhale nambala ya foni imene ikugwira kumene muliko. Chimbudzi chake muzitola nthawi yomweyo, ndipo musalole kuti auwe usiku wonse, chifukwa malo ena amene anasiya kulandira agalu anatero atatopa ndi zoterezi. Musananyamuke lembani nambala ya chipatala cha ziweto chapafupi ndi malowo, makamaka chotsegula usiku. Ndipo chonde, galu akadwala musamupatse mankhwala anu opha ululu monga ibuprofen. Amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Pali agalu ena amene ndimawauza eni ake mosabisa kuti atsale. Kagalu kosamaliza katemera, amene amatha kakakwanitsa masabata pafupifupi 16, katsale. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna mwamuna kapena wotsala pang'ono kuswa atsale. Chimodzimodzi wodwala mtima, ndi amene amanjenjemera, kulira kapena kuluma akaona anthu achilendo. Kwa oterewa kukhala kunyumba ndi munthu amene amamudziwa n'kwabwino kuposa malo okongola alionse. Ngati simukudziwa kuti wanu ali mbali iti, yesani kaye usiku umodzi pamalo apafupi, poti mutha kubwerera mosavuta. Onani ngati akudya, ngati akumwa madzi, ngati akukodza monga mwa masiku onse, ndiponso ngati akugona tulo chogonera chammbali miyendo itatambasuka. Akamangozungulira m'chipinda, kuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo ndi kukanda chitseko mpaka kucha, ulendo wa sabata yathunthu muuimitse kaye, ndipo mukambirane ndi dokotala wanu za momwe mungamuzolowezere pang'onopang'ono.