Gogoda siiletsa mkazi kubereka

Tatopa nayo nkhani imene yamveka zaka zambiri kuno kuchigwa, kuyambira Nchalo mpaka Nsanje, yakuti mtsikana wovala gogoda chiberekero chake chimapindika ndipo sadzabereka. Si zoona. Chiberekero chili m'chiuno, chogwiridwa ndi minyewa yake, nsapato siichisuntha. Amayi ambiri amene ankavina ndi gogoda paukwati kale, lero ali ndi zidzukulu.

Chimene gogoda imavutitsa ndi phazi. Chidendene chikatalika, thupi lonse limalemerera zala, akatumba amakungika, ndipo mumchenga wathuwu chidendene chosongoka chimatitimira, munthu n'kubinya mwendo. Kukatentha mapazi amatupa, choncho yesani nsapato madzulo musanagule.

Mukamva zoterezi, funsani anamwino kuchipatala, mufunsenso wonenayo kumene anazitenga. Musauze mnzanu musanatsimikize.