Mmene ndalama za CDF zinagwera m'manja mwa aphungu

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, mlatho ukakokoloka kapena denga la sukulu likasasuka, anthu sathamangira kwa khansala. Amafunsa kuti, "Kodi aphungu athu ali kuti?" Chizolowezi chimenechi si chakale kwenikweni.

M'zaka za m'ma 1970, pamene ankayala mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri la Mulanje, boma ndi mabungwe akunja ankabweretsa mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zinkakumbidwa ndi eni mudzi, ndipo mpopi uliwonse unali ndi komiti yake. Zoona, nthawi ya Kamuzu kukana ntchito yachitukuko kunali kudziputira mavuto. Komabe paipi sinkadutsa m'manja mwa wandale wa m'deralo.

Matipate atabwera mu 1994, pologalamu yachitukuko ya boma ya MASAF inayamba kumanga sukulu ndi misewu ya m'midzi ndi ndalama za World Bank. Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Dongosolo lake linali labwino: mudzi ukambirane ku komiti yachitukuko ya m'mudzi (VDC), zofuna zake zipite ku komiti yachitukuko ya dera (ADC) ya kwa T/A, monga kwa Mabuka, kwa Chikumbu kapena kwa Bvumbwe, kenako khonsolo ivomereze, makhansala akuyang'anira ndalama. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka May 2014. Zaka 9 zathunthu makhonsolo ankayenda opanda munthu yemwe anthu anamusankha kuti alondere chuma.

CDF, thumba la ndalama zachitukuko cha dera la phungu aliyense, inabadwa mkati mwa zaka zimenezi, mu 2006, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo, anali atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005. Ku Nyumba ya Malamulo otsutsa ndiwo anali ochuluka, bajeti inkadutsa movutikira, mkangano wa gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani, uli pachimake. Thumba lachitukuko la dera lililonse linali chinthu chomwe aphungu a mbali zonse ankachifuna. Popeza kunalibe makhansala, phungu sanapeze womutsutsa ku khonsolo. Mu 2010 lamulo linasinthidwanso: aphungu anapatsidwa voti m'makhonsolo, ndipo mphamvu yosankha a DC inapita kwa nduna. Makhansala pobwerera mu 2014 anapeza pampando pawo patakhala kale ena.

Malamulo a CDF ankati ADC itengepo mbali posankha ntchito, khonsolo igule katundu, DC asayine. Koma ofufuza za chuma cha boma akhala akupeza malisiti osowa, simenti yogulidwa osafika pamalo, ndi nyumba zosiyidwa pa windo. Kumudzi timazionanso: kontirakitala ndi wachipani, a komiti amangouzidwa tsiku lokaumba njerwa, mtengo wa ntchito sauzidwa, pamapeto pake dzina la aphungu lilembedwa pakhoma ngati ndalamazo zachoka m'thumba mwawo, chikhalirecho ndi msonkho wa mayi wothyola tiyi ku Thornwood. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene ntchito yake ndi kufunsa boma kuti ndalama zapita kuti, ndiye amene wagwira ndalamazo. Adzifunsa yekha?

Thumbalo linayamba ndi mamiliyoni ochepa. Mu 2022 linafika pa K100 miliyoni pa dera, mu 2024 pa K200 miliyoni, ndipo pa kampeni ya 2025 a Peter Mutharika analonjeza K5 biliyoni. Namondwe wa Freddy atagumula milatho ndi mipopi kuno mu March 2023, tinaona tokha kuti ndalama zotere zikufunikadi.

Mu May 2025, pa mlandu womwe bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa CDF kapena kuvota m'makhonsolo. Ine ndinagwirizana nacho chigamulocho. Koma tisafulumire kuvina. Kuchotsa phungu kukutanthauza kusiya ndalama ku ofesi ya DC, ndipo DC sasankhidwa ndi anthu a kwa Mabuka kapena kwa Bvumbwe. Amachokera ku Lilongwe, n'kusamutsidwanso ndi Lilongwe yemweyo. A VDC ambiri mpaka lero sanaonepo pepala losonyeza mtengo wa mlatho wa m'mudzi mwawo, ngakhale lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020.