Chifukwa chake kaundula wa zomera zakutchire satha kulembedwa

Mabuku ofotokoza zomera za ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, otchedwa Flora of Tropical East Africa, anayamba kutuluka mu 1952 ndipo gawo lomaliza linasindikizidwa mu 2012. Zaka 60, mitundu ya zomera yoposa 12,000. Pomwe ntchitoyi imafika kumapeto, magawo oyambirira aja anali atatsalira kale m'mbuyo.

Chimene chimachedwetsa ndi lamulo limene ife a ntchitoyi timaligwiritsitsa: dzina la chomera silingalowe m'kaundula wa dera chifukwa choti wina wanena kuti anachiona. Pamafunika chitsanzo chogwirika. Munthu amapita kutchire, n'kudula nthambi yokhala ndi masamba komanso maluwa kapena zipatso. Ngati ndi udzu kapena kachitsamba, amazula ndi mizu yomwe. Amayala bwinobwino pakati pa nyuzipepala, tsamba limodzi n'kulitembenuza kuti kunsi kwake kuzioneka, kenako makatoni, matabwa, n'kumanga zingwe zolimba. Mapepala akanyowa amasinthidwa, apo ayi zonse zimachita nkhungu.

Koma mtima wa ntchitoyi ndi kapepala kamene kamamatidwa pakona ya pepala lomatapo chitsanzocho. Pamalembedwa tsiku, malo enieni ndi manambala a GPS, mtundu wa dothi, dzina la wotola ndi nambala yake, ndiponso zonse zimene zidzatayike chomera chikauma. Duwa lofiirira kapena lachikasu limasanduka lotuwa. Fungo limatha. Mtengo wa mamita 20 umangotsala kanthambi. Ngati wotola sanalembe kuti khungwa likatemedwa limatuluka utomoni woyera, palibe amene adzadziwe. Kwa ine, chitsanzo chokongola chopanda kapepalaka chimaposedwa ndi chophwanyika cholembedwa bwino.

Zitsanzozi zimasungidwa ku herbarium, nyumba yosungiramo zomera zoumitsidwa, ndipo ya ku Kew, ku London, ili ndi zoposa 7 miliyoni. Wotola wanzeru amadula zingapo pa chomera chimodzi n'kuzigawa kumalo osiyanasiyana. Mu 1943 mabomba anatentha mbali yaikulu ya herbarium ya ku Berlin, ndipo mayina ambiri a zomera za mu Africa anapulumukira pa zitsanzo zinzake zimene zinali zitatumizidwa kwina.

Nanga chimasintha n'chiyani m'kaundula? Kawirikawiri si tchire, koma mayina. Kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti mitengo yonse imene inkatchedwa Acacia si ya mzere umodzi. Pamsonkhano wa ku Vienna mu 2005 dzinali linasiyidwira mitengo ya ku Australia, ndipo ku Melbourne mu 2011 chigamulocho chinatsimikizidwa, ngakhale akatswiri ambiri a mu Africa ndi kwina sanasangalale nacho. Mthethe, umene unali m'gulu la Acacia, lero ndi Senegalia polyacantha, ndipo mitengo ina inapita ku gulu la Vachellia. Mtengo ndi womwewo, minga yake yomweyo, koma amene akuphatikiza mndandanda wakale ndi watsopano mosasamala amauwerenga kawiri.

Palinso zomera zobwera, monga namasupuni wochokera ku South America, zomwe ziyenera kulembedwa kuti si zachilengedwe m'deralo. Zatsopano nazo zikupezekabe: chaka chilichonse mitundu pafupifupi 2,000 imapatsidwa mayina koyamba. Mtengo wa Wollemi pine unadziwika mu 1994, m'chigwa china kumadzulo kwa Sydney.

Kufufuta dzina ndiye kovuta kwambiri. Kusaona chomera si umboni woti chinatha. Zina zimaphuka milungu yochepa tchire likangopsa, zina zimakhala chete m'nthaka kudikira mvula yabwino, ndipo otola, tinene zoona, amakonda kutsata misewu.

Masiku ano aliyense wokhala ndi foni angathandize kudzera pa iNaturalist, pulogalamu yotumizirapo zithunzi za zamoyo, ndipo zolembedwa zambiri zimakathera ku GBIF, nkhokwe ya pa intaneti ya zolembedwa za zamoyo, komwe ofufuza amazipeza mwaulere. Ndi chinthu chabwino, makamaka potsata zomera zobwera. Chonde jambulani masamba mbali zonse, tsinde ndi chipatso, osati duwa lokha. Koma pa udzu ndi zomera zam'madambo zofanana nawo, chithunzi sichikwanira kawirikawiri, chifukwa chowasiyanitsa chili m'tingala tating'ono tofunika kutsegulidwa ndi singano pansi pa maikulosikopu.