Anawotcha Ayuda mliri usanafike n'komwe

Pa 14 February 1349 anthu a mumzinda wa Strasbourg, umene lero uli m'dziko la France, anasonkhanitsa Ayuda mazanamazana n'kuwawotcha amoyo, ati ndi amene amathira poizoni m'zitsime kuti anthu azifa ndi mliri wa Black Death, womwe unkapha anthu ambirimbiri ku Ulaya nthawi imeneyo. Koma tamvani izi, mliriwo unali usanalowe n'komwe mumzindamo, anthu anangomva kuti kwina ukusesa mabanja athunthu basi mantha n'kuwagwira.

Ndikamaphunzitsa za kaganizidwe ka anthu ndimakonda kuyambira pa nkhani imeneyi. Mutu wa munthufe sufuna tsoka lopanda mwini wake. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti matendawa amayenda ndi utitiri wa pa makoswe, kachilombo kake anadzakapeza dokotala Alexandre Yersin mu 1894, ndiye ukwiyira ndani? Mphepo sungaimenye. Koma munthu wokhala naye pafupi, wopemphera mosiyana nawe, amenenso ali ochepa moti sangabwezere, ameneyo ndiye wapafupi kumugwira. Owerenga Baibulo mukukumbuka mbuzi ija ya pa Levitiko 16, ankaisenzetsa machimo a mtundu onse n'kuithamangitsira kuchipululu, zimakhala choncho.

Nanga bwanji Ayuda osati ena? Nthaka inali yolimidwa kale. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankamva m'tchalitchi kuti Ayuda ndi amene anapha Yesu, ndipo mpingo wa Katolika unadzakana poyera chiphunzitsochi mu 1965. Mu 1215 msonkhano wa mpingo ku Rome unalamula kuti azivala zowasiyanitsa ndi akhristu. Kumadera ambiri sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa magulu a amisiri, pomwe akhristu analetsedwa katapila, ndiye ena mwa Ayuda anayamba kubwereketsa ndalama, kenako omwe anawatsekera njira zina aja n'kumati aonenitu amakonda ndalama awa. Ku Strasbourg atangowawotcha ngongole zonse zinafafanizidwa, chuma chawo n'kugawana. Apa ine ndimaona kuti sanali mantha okha ayi, ena anachita masamu.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'choti umboni suthandiza nkhani ikafika pamenepa. Papa Clement VI analemba mu 1348 kuti Ayudanso akufa ndi mliri omwewo ngati wina aliyense, anthu sanamve. M'malo mwake anakhulupirira mawu a Ayuda amene anazunzidwa ku Chillon, komwe lero ndi ku Switzerland, mpaka kuvomera zomwe sanachite, poti munthu amasunga chomwe chikugwirizana ndi zomwe waganiza kale, chotsutsa amachitaya. Amene munaona mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017 mukudziwa mmene zimavutira kumuuza munthu wogwidwa mantha kuti palibe chilipo.

Ku Germany atagonja nkhondo mu 1918 bodza lomweli linangosintha malaya, ati Ayuda ndi amene anapereka dziko, chonsecho mu 1933 analipo pafupifupi 500,000 okha, osakwana ndi munthu mmodzi yemwe pa anthu 100 alionse.