Makapu a ku Hagi ndi amisiri amene nkhondo inawaolotsa nyanja

Mu 2025 Japan ndi South Korea anakwanitsa zaka 60 chisainirane pangano la 1965 lokonza ubale wawo. Pa zikumbutso zotere anthu amathamangira nkhani ya utsamunda wa 1910 mpaka 1945. Koma pali mkangano wina wakale kwambiri, wokhudza kapu yadothi yomwera tiyi ya ku Hagi: kodi amisiri a ku Korea amene anayambitsa luso limeneli anapita okha ku Japan, kapena anachita kugwidwa?

Hagi ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Yamaguchi, kumadzulo kwa chilumba cha Honshu. Akatswiri a mwambo wa tiyi akamasanja mbale zomwera amati yoyamba ndi ya mtundu wa Raku, yachiwiri ya ku Hagi, yachitatu ya ku Karatsu. Ziwiri zomalizazo mizu yake ili ku Korea.

M'zaka za m'ma 1500 mafumu ankhondo a ku Japan anatengeka kwambiri ndi tiyi. Mphunzitsi wawo wotchuka, Sen no Rikyu, ankakonda ziwiya zosadzionetsera, ndipo mbale za ku Korea zotchedwa Ido, zokhakhala kunsi, zosawongoka bwino, zinakwera mtengo modabwitsa. Imodzi, yotchedwa Kizaemon, ikusungidwa ku kachisi wa Daitoku-ji mumzinda wa Kyoto ngati chuma cha dziko. Olemba ena amati kwawo zinali mbale wamba zodyera mpunga, ena amati zinali za pansembe, ndipo sanagwirizanebe.

Rikyu anadzipha mu 1591 molamulidwa ndi Toyotomi Hideyoshi, amene ankalamulira Japan nthawi imeneyo. Chaka chotsatira Hideyoshi anatumiza asilikali oposa 150,000 kukaukira Korea. Asilikaliwo anakocheza pa Busan, ndipo pasanathe milungu itatu likulu la dzikolo linagwa. Anaukiranso mu 1597, mpaka iye atamwalira mu 1598 ndi pamene asilikali anabwerera. Zombo sizinabwerere zopanda kanthu. Munali alimi, oluka nsalu, ophunzira, akazi ndi ana, komanso oumba mbiya. Chiwerengero chawo chimasiyana malinga ndi wowerenga: ena amatchula 20,000 kapena 30,000, ena amafika pa 100,000. Ng'anjo zatsopano zimene zinayaka kumadzulo kwa Japan nkhondoyo itatha zinali zambiri, moti ena amangoitcha nkhondo ya mbiya.

Mfumu Mori Terumoto, wa ku Hiroshima, ndiye anapeza abale awiri oumba mbiya a ku Korea, Yi Jak-gwang ndi Yi Gyeong. Mu 1600 iye anali mbali yogonja pa nkhondo ya Sekigahara, ndipo wopambana pa nkhondoyo, Tokugawa Ieyasu, anamulanda dziko lalikulu n'kumusiyira zigawo ziwiri zokha, Nagato ndi Suo. Mu 1604 anasamukira ku Hagi. Munthu wotaya zambiri ameneyu oumba ake sanawasiye. Anapita nawo, n'kuwapatsa malo ku Matsumoto, pafupi ndi Hagi, oti amange ng'anjo youmbira banja lachifumu.

Apa ndi pamene anthu amasiyana. Amene amati abalewo anaitanidwa amaloza ulemu umene analandira: ankapatsidwa malipiro a mpunga, ndipo mu 1625 wamng'onoyo, Yi Gyeong, anapatsidwa dzina lakuti Koraizaemon, limene zidzukulu zake, a banja la Saka, akhala akulowa. Nkhani zina zimanenanso kuti iyeyu anabwera pambuyo, mkulu wake atakhazikika kale. Amakumbutsanso kuti nthumwi za ku Korea zitabwera mu 1607, 1617 ndi 1624 kudzatenga anthu awo, ambiri sanabwerere.

Zonsezo n'zoona, koma tiziyeza bwino. Zolemba zimene zinatsala n'za mafumu ndiponso za mabanja amene ankadya kwa mafumuwo, zambiri zolembedwa patapita mibadwo. Mdzukulu wolandira mpunga kwa a Mori sakanalemba kuti agogo ake anabedwa ndi a Mori. Mawu a ogwidwa eni akewo ndi osowa. Ndipo pofika 1624 munthu wotengedwa ali mnyamata anali ndi mkazi ndi ana osadziwa Chikoreya. Kusabwerera kwake sikutiuza mmene anachokera. M'misiri wotengedwa mudzi wake ukuyaka, ngakhale amuveke ulemu wotani, n'kovuta kunena kuti anasankha.

Za pambuyo pake n'zachidule. Mu 1657 ena anakatsegula ng'anjo ku Fukawa. Mu 1871 ulamuliro wa mafumu a zigawo unathetsedwa, oumba n'kuyamba kudalira msika. Mu 1970 boma linalemekeza Miwa Kyuwa, woumba wa ku Hagi, ngati mmodzi wa amisiri osunga luso la dziko.

Kasamalidwe ka kapu ya ku Hagi kanachokera m'mbiri yomweyi. Pofuna kufanana ndi mbale za ku Korea, oumba anasankha dongo lofewa la Daido, lamchenga, limene silimangana kwenikweni likawotchedwa. Chopaka cha pamwamba, chosakaniza ndi phulusa la mitengo kapena la mapesi a mpunga, chimang'aluka timing'alu tosaoneka bwino pozizira. Motero kapu imamwa madzi. Yatsopano imatha kuchita thukuta kunsi, wogula n'kuganiza kuti amugulitsa yosweka. Ayi ndithu. Imafuna kuiviika m'madzi kwa maola angapo isanayambe ntchito, ndipo ikapitiriza kudontha muikemo madzi otsukira mpunga kapena phala lamadzimadzi, ligonemo, monga amachitira amayi ndi mphika wadothi watsopano. Ufawo umatseka timibowo.

Musanathiremo tiyi, yambani mwaitsukuluza ndi madzi ofunda kuti dongo likhute madzi oyera. Mukamwa itsukeni nthawi yomweyo ndi manja. Osaisiya m'beseni la sopo kapena pamodzi ndi mbale zamafuta, chifukwa fungolo limalowa ndipo kulichotsa n'kovuta. Makina otsukira mbale ndi microwave si zake. Chachikulu n'kuumitsa: kunja imaoneka youma m'kati muli chinyezi, ndiye ikhale pamphepo masiku angapo musanaibwezere m'bokosi lake lamatabwa, apo ayi ichita chuku.

Pakapita zaka tiyi amalowa m'timing'alu tija, kapu yotuwira n'kuyamba kuonetsa timizere tofiirira, mtundu wake n'kumasinthasintha. A ku Japan amati Hagi imasandulika kasanu ndi kawiri. Woikonda sayerekeza kuithira jiki, chifukwa akatero wafufuta chimene anagulira, komanso mankhwalawo amatsalira m'dongo.

Mukaitembenuza, nthawi zambiri mupeza kuti kamphete kokhalira n'kodulidwa pang'ono. Ogulitsa amakonda kufotokoza kuti oumba ankadula dala kuti kapu ioneke yolakwika, aigulitse kwa anthu wamba amene sankaloledwa kukhala ndi ziwiya za mfumu. Nkhaniyo ndi yokoma, koma umboni wake ndi wochepa, pakuti makapu abwino kwambiri a mafumu nawonso ali nako kodulidwako. Ena amati kanali kokolekera chingwe pomanga katundu. Chimene chikuoneka ndi maso n'chakuti mbale zina zakale zoumbidwa ku Korea komweko, zimene akatswiri a tiyi ankazifuna kale, zili ndi mphete zodulidwa chimodzimodzi.